Asiyeni amalume, msana ndi wawo

Anzanga a kunyanja, nkhani iyi yandikwana ndipo lero ndiyankhulapo. Amene imuwawe andipeze ku doko, malo anga mukuwadziwa.

Patha masabata atatu chigulitsireni amalume anga njinga yawo ija ya Yamaha R6 imene anabwera nayo kuchokera ku Joni, n'kugula Yamaha AG200 yoti inayendapo kale. Kuyambira tsiku limenelo sakumwa madzi. Akadutsa pa bawo, phwete. Akaima pa msika, "Madala, za ku Joni zatha eti?" Dzana wina anachita kukuwa kuti, "Alangizi, feteleza abwera liti?" anthu n'kufa nako kuseka. Iwo amangomwetulira n'kumapita, si munthu wa zokamba zambiri. Koma amene ankaigwira njinga ija ikavuta ndi ine, ndiye ndiloleni ndiwayankhire.

Poyamba tigwirizane, R6 sindikuinyoza. Ndine makaniko, chitsulo chabwino ndimachipatsa ulemu. Masilinda anayi, 599cc, mphamvu yopitirira mahosipawa 110. Mutenge injini zitatu za Enduro 40 timazitama pa boti zija, muzimange pamodzi, ndiye mwafika pamene pali kanjinga kameneka. Ikalira ngakhale ine mtima umagunda. Koma mphamvu yakeyo ili kumwamba kwenikweni, injini ikamazungulira kupitirira 10,000 pa mphindi. Giya woyamba yekha amadutsa 100 pa ola. Ndiye mundiuze amwene, kuchoka ku boma la Mangochi kufika ku Monkey Bay, mphamvu imeneyo mukaitulutsira pati? Pa Makawa pamene mbuzi zimadumpha msewu osayang'ana? Pakati pa ana a sukulu ndi akabaza? Amalume masiku ambiri ankayenda nayo pa 60, akalimba mtima 80. Kunali kugula chilimira n'kumakaponya pa chithaphwi.

Tsopano tikambe za thupi, chifukwa oseka ambiri sanakhalepo pa njinga imeneyi ngakhale ola limodzi. Mahandulo ake ali pansi, zopondera zili kumbuyo komanso m'mwamba. Ukakwera, mawondo amapindika, chifuwa chimagona pa thanki, kulemera kwako kumagwera m'manja, ndipo kuti uone kutsogolo uyenera kudzutsa khosi ulendo wonse. Sanalakwitse popanga, anachita dala. Pa bwalo la mpikisano, ukamathamanga kwambiri, mphepo imakukankha pachifuwa n'kukupepukitsa m'manja. Pa 60 mphepo imeneyo kulibe. Katundu yense amasenza ndi manja, khosi ndi chiuno.

Mnyamata wa zaka 22 sangamve kanthu. Amalume ali ndi 46. Asanapite ku Joni anakoka chilimira, ku Joni anasenza matumba a simenti zaka zambirimbiri. Tsiku lina anafika pa doko kuchokera ku boma, anazimitsa injini koma osatsika. Ndinaona akufinya zala, zachita dzanzi. Potsika anagwirira phewa langa, ndipo panapita nthawi kuti awongoke. Anandiuza chapansipansi kuti, "Mphwanga, usauze munthu." Amalume mundikhululukire, ndauza anthu. Ndauza chifukwa akukusekaniwo sanaone zimene ndinaona.

Nanga msewu? Kuchokera pansi kufika pa mimba ya R6 ndi masentimita 13 okha. Hampu iliyonse yaitali kunali kuima n'kuidutsa chopingasa, apo ayi khwee. Mashoko ake ndi afupi ndi olimba chifukwa anawapangira tala wosalala, ndiye dzenje lililonse limafika pa msana osapunguka. Matayala ndi otambalala, opanda mano. Mu mchenga wopita ku Msaka tayala lakutsogolo limangosambira. Anagwa kawiri m'menemo, mwamwayi akuyenda pang'onopang'ono. Kachiwiriko pulasitiki ya m'mbali inasweka ndipo tinadikira miyezi iwiri kuti ina ibwere pa basi kuchokera ku Joni. Miyezi iwiri munthu akukwera kabaza, chinjinga cha mamiliyoni chitafunda nsalu pakhonde. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Onani tsono imene mukuitcha ya alangiziyo. Silinda imodzi, pulagi imodzi, imazizira ndi mphepo, palibe rediyeta yoti ibooke pakati pa tchire. Mimba yake ili m'mwamba pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi R6. Tayala lakutsogolo ndi lalikulu, lopyapyala, la mano. Tcheni chili m'chikesi chotseka kuti mchenga usachidye, ndipo amene amasintha tcheni ndi sipulokete kawirikawiri kuno akudziwa phindu lake. Ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, sitandi mbali zonse ziwiri. Wokwera amakhala mowongoka ngati ali pa mpando wa kunyumba, mapazi pansi pa thupi, manja omasuka. Anaipangira alimi a ku Australia ndi New Zealand amene amaswera nayo m'mafamu tsiku lonse. Mukuganiza kuti mabungwe amene amagulira alangizi ndi azaumoyo njinga za mtundu umenewu ndi opusa? Amadziwa misewu yathu.

Mafuta nawo. Mwa kuwerengera kwa amalume, lita imodzi pa R6 inkawafikitsa makilomita 15 kapena 17. Pano akudutsa 30. Inu amene munagonapo pa mzere wa petulo, kapena kugula wa m'zigubu pa mtengo wolira nawo, simukufunika kuti ndikumasulireni.

Chimene chikundidabwitsa n'choti nzeru zimenezi pa nyanja tili nazo. Bwanji pafupifupi boti lililonse la usipa lamanga Enduro 15, 25 kapena 40? Injini zamphamvu kuposa pamenepo zilipo, mumaziona pa maboti a ku malo ogona alendo. Koma bambo anga sanayambe alakalaka imeneyo. Amafuna injini yoti ikazima usiku pakati pa madzi, mlovi atsegule, apukute pulagi, akoke chingwe, anthu abwerere kwawo. Palibe amaseka mwini boti kuti injini yake ndi ya madala. Ndipo kampani imene inapanga Enduro ndi yomweyo inapanga R6, ndi yomweyonso inapanga AG. Eni akewo akudziwa kuti chilichonse chili ndi malo ake, moti kuyambira 2021 R6 yatsopano ku Ulaya amaigulitsa ngati ya pa bwalo la mpikisano basi, osati ya mumsewu. Koma ife a ku Monkey Bay ndiye tikufuna izinyamula usipa. Pa madzi ndife anzeru, tikangoponda pamtunda matama atigwira.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti AG ndi yochedwa. Zoona, ikafika cha m'ma 90 yatopa, ndipo pa tala wowongoka mwana wa Boxer akhoza kulimbana nayo. Muti siyokongola. Zoonanso, atsikana satembenuka. Amalume eni akenso anandiuza kuti kulira kwa njinga ija amakusowa, ndipo tsiku limene wogula anabwera kudzaitenga iwo analowa m'nyumba osafuna kuona. Sindinganame kuti sanataye kanthu. Sindinganamenso kuti njinga yaing'ono siipha. Akabaza angati tawaika m'manda? Popanda helemeti, kapena utamwa, ya 100cc imakumaliza chimodzimodzi. Koma pakati pa njinga imene ukuilamulira ndi imene ukulimbana nayo manja atachita dzanzi, ine buleki yadzidzidzi ndingakonde kuigwira ndili pa yoyambayo.

Enanso muti akanagula yaikulu yokhalika bwino. Inu amene muli ku Joni mumawaona azibambo a imvi Lamlungu m'mawa ali pa BMW GS kapena Suzuki V-Strom. Ena mwa iwo anayambira pa zothamanga zomwezi, msana utayamba kuyankhula anasintha. Amenewo mumawajambula n'kumati ndi mabwana. Amalume achita zomwezo, kusiyana ndi thumba komanso kumene masipeya ali. Ndiye chimene mukusekacho si kusintha njinga ayi. Mukuseka kuti munthu wavomera msinkhu wake ndi msewu wa kwawo.

Apa ndi pamene pakundiwawa. Amalume anayamba kumva kupweteka zaka ziwiri zapitazo. Zaka ziwiri akumeza mapanado, osagulitsa njinga, chifukwa choopa pakamwa panu. "Anthu ati chiyani." Mawu omwewa ndi amene amalowetsa anyamata pa nyanja mwera ukuonekeratu, poopa kutchedwa amantha, ndipo tonse tikudziwa makomo amene analira chifukwa cha zimenezo. Akanagwa pa tala dzanja litakana kufinya buleki, inu nomwe mukanabwera pa maliro n'kumati, "Koma mkulu ngati uyu ankafunanji pa njinga ya ana?" Mukanadya nsima n'kumapita. Fizi ya ana awo atatu mukanalipira ndinu?

Kwa achimwene amene mukusunga marandi kuti mubwere ndi chothamanga mu Disembala, ndalama ndi zanu, sindingakuletseni. Ngati muli ndi zaka 25 ndipo mtima ukufuna, lawani, koma ndi helemeti yeniyeni. Chabe musanapereke ndalama dzifunseni: ifika pakhomo pa mayi anga nthawi ya mvula? Ikafa, sipeya ndimupeza ku Mangochi kapena mpaka Johannesburg? Ndikakhala pamenepo maola awiri, nditsika ndili munthu? Ndipo tsiku limene thupi lidzakuuzeni kuti basi, musadzadikire zaka ziwiri poopa anyamata a pa bawo. Pofika nthawi imeneyo nawonso adzakhala akudzuka pa mkeka ndi kubuula.

Dzulo m'mawa amalume anadutsa pa doko akupita ku maliro cha ku Nankumba. Kumbuyo kunali akazi awo, amene kampando ka R6 anakakwera kamodzi kokha n'kulumbira kuti sadzabwereza. Pa kaliyala wakutsogolo anamangapo kathumba ka ufa. Madzulo anabwerera, anatsika okha osagwirira munthu, n'kundifunsa ngati ndamaliza injini ya alamu awo.

Amene akutsutsa abwere tikambirane, koma ayambe wayenda pa R6 kupita ku Msaka n'kubwerera. Tumizani kwa anzanu amene akuseka aja.