Tiyi Wabwino Amaonongeka ndi Supuni

M'makomboni a mu Chipata monga Kapata, Mchini ndi Navutika, tsiku limayamba ndi ketulo pa mbaula. Ana amamwa tiyi asanapite kusukulu, mlendo amalandilidwa ndi tiyi, ndipo ndalama zikatha pakati pa mwezi, tiyi ndi banzi ndiye cakudya ca masana. Conco funso limene odwala amafunsa kawili-kawili kucipatala n'lomveka: kodi tiyi amakweza shuga ndi mafuta m'magazi, kapena amatsitsa?

Masamba a tiyi paokha, kaya ndi a ku Kawambwa kapena ocokela ku Malawi, sakweza shuga kapena mafuta. Akatswili anapeza kuti tiyi, maka-maka wobiliwila uja, amatsitsako mafuta oipa ochedwa kolesitelo. Koma kutsika kwake n'kocepa, ndipo pa shuga wa m'magazi thandizo lake n'locepelatu.

Vuto lili pa zimene zimathilidwamo. Supuni yaing'ono ya shuga imalemela magalamu pafupi-fupi 4. Bambo amene amathila masupuni 4 m'kapu, namwa makapu 3 patsiku, wadya masupuni 12. Pamwezi ndi pafupi-fupi kilo imodzi ndi hafu, munthu mmodzi yekha. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wa munthu wamkulu asapitilile masupuni ngati 12 patsiku, kuwelengela pamodzi wa m'phala ndi wa m'zakumwa za m'mabotolo, ndipo linati masupuni 6 ndiye bwino koposa. Bambo uja wamaliza gawo lake lonse ndi tiyi cabe.

Shuga wa m'tiyi amalowa msanga m'magazi. Thupi likalephela kumugwilitsa nchito yense, ciwindi cimamusandutsa mafuta. Mimba imayamba kukula, ndipo insulini, amene amacotsa shuga m'magazi, sagwilanso bwino nchito. Umu ndi mmene matenda a shuga amayambila mwa akulu ambili. Vitumbuwa, buledi wopaka majalini ndi mkaka wotsekemela wa m'citini zimangosonkhezela moto.

Ena amati shuga ndi wabwino cifukwa ali ndi vitamini. N'zoona kuti kuyambila mu 1998 shuga wogulitsidwa muno mu Zambia amauikamo vitamini A. Koma vitamini ameneyu aliponso mu cibwabwa, mango, papaya ndi kandolo wofiila mkati, ndipo izi sizivunditsa mano.

Coopsa kwambili ndi odwala amene amasiya mapilisi a kucipatala atauzidwa kuti tiyi wina wake wogulitsidwa pamsika "amatsuka magazi". Palibe tiyi amene angalowe m'malo mwa metformin kapena jekeseni wa insulini. Shuga wosiyidwa amaononga maso, impso ndi mitsempha mwakacetecete, ndipo cilonda caching'ono ca kuphazi cikhoza kuthela ku kudula mwendo. Wodwala amene adziwa kuti ali ndi shuga ayenela kumwa tiyi wopanda shuga konse, ndipo uci nawonso ndi shuga.

Mabanja sayenela kusiya tiyi. Cofunika ndi kusiya cizolowezi cothila shuga m'tipoti ya banja lonse, cifukwa pamenepo palibe amene adziwa zimene wamwa. Aliyense azithila yekha m'kapu mwake ndi supuni yaing'ono yosadzaza, ngakhale mlendo. Wa masupuni 4 atsikile pa 3, pakapita milungu iwili atsikile pa 2. Lilime limazolowela msanga. Ana nawonso asaphunzitsidwe kumwa zigolo, popeza mwana wozolowela zotsekemela amakula nazo.

Munthu amene akumva ludzu losatha, akudzuka kangapo usiku kukakodza, kapena akuonda mosadziwika bwino, apite kukiliniki akapimidwe. Kupima shuga n'kubaya cala kamodzi, ndipo yankho limatuluka nthawi yomweyo.