Kalata kwa Mkulu wa PPDA: Boma Likamagula Katundu Wakale

Wolemekezeka Bwana,

Lamulo la 2017 limene linakhazikitsa bungwe lanu m'malo mwa ODPP linakupatsani udindo woyang'anira mmene boma limagulira ndi kugulitsira katundu. Ndikukupemphani kuti muike ndondomeko yapadera, yolimba, ya katundu amene wagwirapo kale ntchito kwina: magalimoto, majenereta, makina a m'zipatala ndi okonzera misewu.

Sindikupempha kuti muletse. Ndalama zakunja zikusowa, ndipo ambiri a ife timayendera magalimoto akale a ku Japan olowera pa Songwe, amene akutitumikira bwino ndithu. Vuto lagona pa mtengo. Chinthu chatsopano mtengo wake ndi wodziwika, aliyense angathe kufunsa kwa opanga, pamene chakale mtengo wake ndi umene awiri apangana. Pa kaunjika izi sizidetsa nkhawa, chifukwa mayi amatambasula yekha malaya, n'kuyang'ana m'khwapa ndi pakolala, ndipo ndalama ndi zake. M'boma, wosainira ndalama si amene adzayendetse ambulansi yakale usiku m'matope.

Tinaziona ndi ndege ya pulezidenti ija, Dassault Falcon 900EX, imene inagulidwa mu 2009 itauluka kale zaka zingapo. Inadya madola a ku America pafupifupi 22 miliyoni, dziko la Britain linadulako thandizo chifukwa cha iyo, ndipo mu 2013 inagulitsidwa madola 15 miliyoni. Nkhani ya mathirakitala a ngongole ya ku India inatiwawanso. Lipoti la Ombudsman, mayi Martha Chizuma, la 2016 linapeza kuti makinawo anali achikalekale, ndipo ambiri anagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu a boma, ngongole n'kutsalira tonsefe.

Chachikulu chimene ndikupempha n'chakuti ndalama zisamatuluke katunduyo asanayesedwe ndi katswiri amene sali mu komiti yogula ya unduna umenewo, komanso amene sanasankhidwe ndi wogulitsa. Amisiri tili nawo: a PVHES amadziwa magalimoto ndi makina olemera, a PAM ku Unduna wa Zaumoyo amadziwa zipangizo za m'chipatala. Katswiriyo aone chaka chimene makina anapangidwa, maola amene agwira ntchito ndi mabuku a sevisi, pakuti makilomita a pagalimoto anthu amachita kubweza. Alembe mtengo umene iye akuona kuti ndi woyenera, asaine dzina lake, kuti zikadzavuta tidzadziwe womufunsa.

Za masipeya musazitenge mopepuka, Bwana. Makina a X-ray otchipa amene kampani yake inasiya kale kupanga zipangizo zake amangofunika kachitsulo kamodzi kuthyoka kuti aphimbidwe nsalu mpaka kalekale. Zikatero, wodwala wa pachipatala cha boma laling'ono amafunafuna ndalama ya thiransipoti yopitira ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central kapena cha Queens, mwendo uli wothyoka. Wogulitsa azilonjeza polemba kuti masipeya apezeka kwa zaka zingati, ndipo gawo lina la malipiro lizisungidwa mpaka makinawo atagwira ntchito miyezi yogwirizana popanda vuto.

Lipoti la katswiri, dzina la wogulitsa, eni ake enieni a kampaniyo ndi mtengo zizilengezedwa poyera mgwirizano usanasainidwe, kuti atolankhani ndi makomiti a Nyumba ya Malamulo athe kufunsa ndalama zisanapite.

Ine wanu,
Nzika yokhoma msonkho