Makemisiti achuluka mu tauni, nanga ife tikali kugula mapilisi pa kantemba chifukwa chani?

A Chipata anzanga, sabata ino tisiyeko nkhani ya amene anaimba bwino na amene anathawa na ndalama za pa geti. Pa Chiwelu usiku nili pa shoo ina mu tauni, foni yalila. Ni amama aang'ono a ku Mchini, ati bwela msanga, mufana wako thupi lapya, akunjenjemela ngati ali mu fuliji.

Mufana uyu ali na zaka 19, amapalasa njinga kunyamula anthu pa Kapata. Masiku angapo kumbuyo anamva malungo, koma poganiza za laini ya ku kiliniki na makasitomala amene angamuphonye, anangopita pa kantemba kena mu komboni. Anamupatsa mapilisi 8 a Coartem okulunga mu kapepa ka nyuzi, pakuti ndalama yake inathela pamenepo. Munthu wamkulu amafunika mapilisi 24: anayi m'mawa, anayi madzulo, masiku atatu. Iye anamwa tsiku limodzi chabe, anamvako bwino, n'kubwelela pa njinga. Malungo anabwela kachiwili na ukali, mpaka tinagona ku chipatala, dilipu ili pa dzanja.

Tili pa benchi usiku uja, amama ananifunsa: "Nanga makemisiti onse aya adzala mu tauni na magetsi obiliwila, anapangila ndani, ngati ana athu akali kugula mankhwala pamodzi na fodya?" Nalephela kuyankha. Ndiye sabata yonse nakhala nikufufuza kumene malonda aya anachokela.

Inu obadwa cha m'ma 2000 simungakhulupilile, koma kale boma ndiye linali wamalonda wamkulu mu Zambia. Kuchokela pa kusintha kwa Mulungushi mu 1968, a Kaunda anaika mabizinesi ambili m'manja mwa boma. Makolo athu amakumbukila masitolo a ZCBC, NIEC na Mwaiseni, komanso malaini a sopo na saladi. Mankhwala nawo anali na kampani yake ya boma, National Drug Company, ndipo mu 1976 kunabwela Medical Stores Limited yosunga na kutumiza mankhwala ku zipatala za boma. Ndalama zakunja zikasowa, mashelufu anali kukhala mbee, ndipo zinali kusowa kawilikawili m'zaka za m'ma 1980.

A Chiluba atalowa mu 1991 zinthu zinatembenuka. Lamulo logulitsa makampani a boma linabwela mu 1992, malonda anatseguka, aliyense anayamba kuitanitsa katundu. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999. Apa mpamene kemisiti inasintha nkhope. Kale inali sitolo imodzi ya banja limodzi, mwini wake ali kumbuyo kwa kaunta. Manje kunabwela dzina limodzi lokhala na nthambi zambili, monga Link Pharmacy imene ambili a inu munaiona pa Manda Hill na m'ma mall ena mukapita ku Lusaka. Mall ikamangidwa, supamaketi ilowa, banki ilowa, kemisiti nayo ilondola.

Ufulu uja unabwela na zake. Geti itatseguka, analowa a bwino na a chinyengo omwe. Makapisozi anayamba kupezeka pa msika, pa siteshoni, m'mabasi, ena odutsa njila za mphepete pa boda. Ndiye chifukwa chake mu 2013 nyumba ya malamulo inapanga lamulo la Medicines and Allied Substances Act, limene linabala ZAMRA, bungwe lopeleka laisensi kwa aliyense wogulitsa mankhwala na kuona ngati mankhwalawo ni enieni. Medical Stores ija nayo inasanduka ZAMMSA mu 2021.

Nanga kemisiti ya nthambi zambili imakula bwanji? Ni masamu amene amai a pa Saturday Market amawadziwa bwino. Wogula thumba lonse la kapenta amagula motchipa kupambana wogula ka meda. Mankhwala ambili amene timamwa mu Zambia amachokela kunja, makamaka ku India. Kampani yokhala na masitolo ambili imaoda kamodzi zambili, imasunga mu nyumba imodzi, n'kumagawa. Kompyuta imaonetsa kuti bokosi ili latsala miyezi ingati kuti lithe ntchito. Fuliji ya insulin ili na jenaleta yake malaiti akapita. Ndipo dzina likaipa pa nthambi imodzi, zonse zanunkha, choncho amaopa kukugulitsani vinthu va fake.

Inu a makwebo amene mumapita ku Joni mumabwela na mapulasitiki a Clicks na Dis-Chem. Mbili yake ni yosangalatsa. Clicks inayamba mu 1968 ku Cape Town na munthu wina dzina lake Jack Goldin. Iye anafuna sitolo ya mankhwala, koma lamulo la South Africa linali kukana kuti kampani ikhale mwini wa kemisiti. Kwa zaka 35 Clicks inali kugulitsa mafuta odzola, sopo na ziwiya za m'nyumba. Lamulo litasintha mu 2003, kampaniyo inatsegula famasi yoyamba mu 2004, ndipo lelo ili na masitolo opitilila 900. Dis-Chem inayamba mu 1978 na sitolo imodzi ku Mondeor mu Johannesburg, ya mwamuna na mkazi wake, Ivan na Lynette Saltzman, onse awili ophunzila za mankhwala. Mu 2016 inalowa pa msika wa masheya wa Johannesburg. Onani apa: onse awili anakula potsatila lamulo na potsatila kumene kuli anthu a malipilo.

Apo ndiye pali yankho la funso la amama. Kemisiti yaikulu imalipila lenti ya mall, malipilo a famasisiti, magetsi na alonda. Imapita kumene kuli anthu olandila pa mwezi. Chipata inakhala city mu 2017, tili na Shoprite, tili na ma mall athu, ndipo kuchokela pamene NHIMA inayamba mu 2019, wantchito amadulidwa 1 pelesenti ya malipilo, abwana naonso amaikapo 1 pelesenti, ndiye anthu okatenga mankhwala ku makemisiti ovomelezeka achuluka. Zonsezi zimakoka amalonda kubwela kuno ku m'mawa. Koma kuchoka mu tauni kufika mkati mwa Nabvutika, Magazine kapena Mchini, kapena ku midzi ya ku Chipangali na Vubwi, mtunda ukalipo. Mutu ukawawa 22 koloko, kantemba ndiye kali pafupi, ndipo mwini wake amakudziwa, angakukongozeko.

Boma linaiona mbuna iyi. Lamulo lija la 2013 linalola zimene amati health shop: kasitolo kang'ono ka laisensi, ka m'makomboni na m'midzi, kogulitsa mankhwala owelengeka amene ZAMRA inalola, wogulitsa wake wophunzitsidwa, ndipo pali famasisiti amene amakayang'anila. Kwa ife a mu komboni, iyi ndiye nkhani yaikulu kupambana mall iliyonse. Achinyamata amene munamaliza za mankhwala pa Evelyn Hone kapena pa UNZA ndipo mukali kuyembekezela boma kuti likulembeni, ganizilani kuno kwanu. Clicks nayo inayamba na chitseko chimodzi.

Pakali pano, mwandi, tiyeni tizisamale tekha. Mukalowa mogulitsa mankhwala, kwezani maso pa chipupa. Pafunika kukhala pepala la ZAMRA, ndipo wokupatsani mankhwala afunika kukhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia. Kufunsa si mwano. Onani deti pa bokosi. Mapilisi opanda bokosi, amene akhala pa dzuwa la Okutobala tsiku lonse, asiyeni. Malungo yambani mwapimitsa, ni kubaya chala chabe ndipo mphindi 15 kapena 20 mwadziwa, chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Ku kiliniki ya boma Coartem ni yaulele.

Ndipo dozi ni dozi. Akulu amakumbukila chloroquine, imene inali kuchilitsa malungo bwino mpaka tizilombo tinaizolowela, boma n'kuisiya kumayambililo kwa zaka za m'ma 2000 kuti titenge Coartem. Kumwa hafu ni njila imodzi yophunzitsila tizilombo kulimba. Chimodzimodzi amoxicillin: kugula makapisozi awili chifukwa wamva kuwawa pokodza pambuyo pa wikendi sikuchilitsa, kumangobisa matenda, mawa upatsila mnzako.

Ine ntchito yanga ni ya usiku, ndiye nimaona zambili. Anyamata akusakaniza mankhwala a chifuwa a codeine mu dilinki, kuyesa ni swaga ya mu vidiyo, pamene ni chizolowezi chovuta kuleka ndipo a DEC amamanga. Madala akugula tumapilisi twa mphamvu ku toileti ya bala osadziwa kuti kwa wodwala mtima tungamugwetse. Asikana akudzola mafuta oyeletsa a steroid ogula mu chikwama cha munthu, pa last nkhope yapsa, masaya afiila. Kemisiti yeniyeni ikakukanizani chinthu popanda kapepa ka dokota, musakwiye ati ni yomvela. Munthu uja akugwila ntchito imene anaphunzila.

Sinikunena kuti yaikulu ndiye yotchipa nthawi zonse. Yendani mufunse mitengo pawili patatu, ndipo funsani ngati pali generic, mankhwala amodzimodzi a kampani ina, otsika mtengo. Panado na paracetamol wamba ni chinthu chimodzi mkati.

Mufana wanga anatuluka pa Chitatu. Njinga yaima masiku 6, ndipo ndalama imene tinaononga pa mataxi na zakudya za ku chipatala ikanagula dozi yathunthu kangapo konse. Dzulo namupeza pa Kapata akupukuta sadulo, namufunsa ngati anamaliza mapilisi amene anamupatsa potuluka. Anatulutsa kapaketi kopanda kanthu mu thumba n'kunionetsa, ati amama akumuwelengela okha m'mawa na madzulo.

Sabata yamawa tibwelela ku za nyimbo. Mukhale bwino.