Chikalata cha Madandaulo pa Chithandizo cha Ana Onyentchera Kwambiri

Kwa: Bwanamkubwa wa boma lathu
Kudzera kwa: Mfumu Yaikulu ya dera lathu
Makope kwa: Mkulu wa zaumoyo m'boma, Phungu wathu wa Nyumba ya Malamulo, Khansala wa wodi yathu
Januwale 2025

Bwana,

Ife amene tasaina ndi kudinda zala kumapeto kwa chikalata chino ndife amayi a m'magulu osamalira ana, makomiti a zaumoyo a m'midzi, nyakwawa, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Tinakhala pansi pabwalo la mfumu ndipo tinagwirizana kuti tikulembereni za ana athu osakwana zaka zisanu amene akunyentchera pamene mankhwala awo akudziwika.

Mukudziwa kuti m'Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kuno nkhokwe zinauma kalekale, ndipo chimanga chatsopano chikadali chaching'ono m'munda. Mabanja ambiri akudya kamodzi patsiku, enanso nsima ya madeya. Wamkulu amapirira, koma mwana wa chaka chimodzi sachedwa kufooka.

Alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kuzindikira vutoli. Timakulunga kalamba koyezera pamkono wa mwana, ndipo kakafika pofiira, kutanthauza kuti mkonowo sukukwana masentimita 11.5, timadziwa kuti zinthu zavuta. Timadina chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo kadzenje kakatsalira pamenepo timadziwa kuti mwanayo watupikana. Tsitsi limafiira ndi kusosoka, khungu limasupuka, mwana amangokhala ndwii osasewera, ngakhale kulira kwake kumakhala kopanda mphamvu. Mwana wotere akagwidwa ndi malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba, masiku ochepa okha timamva maliro.

Chomwe chikutipweteka mtima n'chakuti mankhwala a matendawa anayesedwa ndi kutsimikizika kuno kwathu komwe. Njira yochizira ana onyentchera ali pakhomo pawo pogwiritsa ntchito chiponde inayesedwa ku Dowa m'chaka cha 2002, ndipo boma linaivomereza m'dziko lonse mu 2006. Chiponde chimapangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Sichifuna kuphika kapena kusakaniza ndi madzi, ndipo ku Blantyre bungwe la Project Peanut Butter lili ndi fakitale yopangira chimenechi. Mwana amene akudya mapaketi ake tsiku ndi tsiku mosadukiza amabwerera m'thupi pa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Mawu oti "mosadukiza" ndiye mutu wa madandaulo athu.

MADANDAULO ATHU

1. Chiponde chimatha pachipatala chathu chaching'ono. Mayi amafika m'mawa, mwana amayezedwa, zonse zimalembedwa m'buku, kenako mayiyo amauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa. Mwana amene anayamba kudzaza masaya amabwereranso pofiira, ndipo ntchito yonse imayambiranso pachiyambi.

2. Mtunda ndi wautali. Mayi amabereka mwana wodwala kuyambira mbandakucha, ndipo nyengo ino mitsinje ikadzaza sawoloka. Ndalama ya kabaza alibe. Tsiku lomwe wapita kuchipatala ndi tsiku lomwe wataya ganyu amene akanadyetsa ana otsala. Akalephera kufika maulendo angapo, amalembedwa kuti wathawa chithandizo, ngati kuti anachita dala.

3. Ana ovutikitsitsa safika msanga kumagulu. Mwana amene wakana kudya chiponde, amene watupa thupi lonse kapena ali ndi matenda ena, ayenera kugonekedwa kuti ayambe ndi mkaka wa F-75 moyang'aniridwa usana ndi usiku. Wodi yotere ili kutali, ndipo tikaitana ambulansi kawirikawiri timayankhidwa kuti mafuta palibe. Mayi amene wafikako amakhala masiku ambiri wopanda chakudya chake chokwanira, mtima uli kwa ana amene wawasiya kumudzi. Ena amatuluka mwana asanachire.

4. Njala ya pakhomo ikudya mankhwala a mwana. Tikuvomereza kuti m'mabanja ena chiponde chimagawidwa kwa ana onse. Tiyerekeze mayi amene akufinyira paketi m'kamwa mwa wamng'ono, akulu ake atatu atamuzungulira, sanalawe kanthu chidzukireni. Kumuuza kuti asagawe popanda kumupatsa ufa ndi kumusenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Ndiponso mwana akachira amabwerera ku mphika wopanda kanthu womwe unamudwalitsa uja.

5. Ana amene lamba wawo wafika pachikasu sakulandira Likuni Phala mokhazikika. Amabwezedwa kuti sanafike poipa, ndiye timangoyang'ana mpaka atafika pofiira.

6. Chiponde chikupezeka pamabenchi m'misika pamene kuchipatala kulibe. Paketi iliyonse yogulitsidwa yalandidwa m'kamwa mwa mwana wodwala.

7. Ogwira ntchito ena amalankhula mawu onyoza pagulu, kunena kuti mayi ndi waulesi kapena amabereka pafupipafupi. Ambiri mwa anamwino ndi alangizi athu amagwira ntchito modzipereka, ndipo tikuwathokoza. Koma mayi amene wachititsidwa manyazi amabisa mwana m'nyumba, kapena amamvera oti kutupako ndi tsempho n'kupita kwa sing'anga. Pomwe akufika kuchipatala nthawi imakhala itatha.

ZOMWE TIKUPEMPHA

a. Chiponde chiwerengedwe ngati mankhwala ofunikira monga a malungo, chiitanitsidwe nyengo ya njala isanafike, ndipo katundu akafika komiti yoyang'anira chipatala ikhalepo powerenga makatoni ndi kusaina.

b. Chiponde chizifika kumalo a sikelo za m'midzi, ndipo mabanja okhala kutsidya kwa mitsinje azipatsidwa cha masabata awiri nyengo ya mvula.

c. Mafuta a ambulansi otengera ana opita kumagulu asungidwe padera, ndipo owadikirira azipatsidwa chakudya.

d. Banja lililonse lomwe lili ndi mwana pachithandizochi liganiziridwe msanga pa chimanga cha thandizo ndi pa Mtukula Pakhomo.

e. Likuni Phala abwerere kwa ana a pachikasu, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene afooka.

f. Pachitike kafukufuku wa njira yomwe chiponde chimatulukira kupita kumsika, ndipo zotsatira zake zilengezedwe kwa ife.

g. Alangizi a zaumoyo awonjezeredwe ndi kupatsidwa njinga, malamba oyezera ndi masikelo, kuti mwana wosowa pamndandanda alondoledwe pakhomo.

Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limalamula boma kuyesetsa kuti aliyense apeze chakudya choyenera ndi chithandizo cha zaumoyo, ndipo Gawo 30 limatchula ana pakati pa anthu oyenera kuganiziridwa mwapadera. Pempho lathu laima pamenepo.

Nafenso tili ndi mbali yathu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiziyeza ana khomo ndi khomo mwezi uliwonse. Mafumu agamula kuti wogulitsa chiponde m'mudzi aziitanidwa kubwalo ndi kuperekedwa kupolisi. Abambo alonjeza kusamalira ana otsala pamene mayi ali kuchipatala. Tipitiriza kuphunzitsana kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndi kuphika phala lotendera ndi nsinjiro ndi masamba.

Tikupempha kuti mutiyankhe molemba pasanathe masiku 21, ndiponso kuti mubwere pamodzi ndi mkulu wa zaumoyo kudzakumana nafe pabwalo la Mfumu Yaikulu. Febuluwale ndi Malichi, miyezi yomwe ana amanyentchera kwambiri, ili pafupi, ndipo tikufuna chiponde chikhale chili pachipatala miyeziyo isanalowe.

Ife anu,

Wapampando wa makomiti a zaumoyo a m'midzi
Mtsogoleri wa magulu a amayi osamalira ana
Nyakwawa, m'malo mwa mafumu onse
Oimira mipingo ndi mizikiti
Makolo onse amene asaina ndi kudinda zala pamapepala olumikizidwa