Ana athu atiika pa mlandu, mboni yawo ndi filimu

Ife makolo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri tili ndi dandaulo. Takhala tikuling'ung'udza pa mpopi, m'minibasi ndi pa maliro, koma lero tilinene poyera. Ana athu ayamba kutiweruza, ndipo umboni akuutenga m'mafilimu.

Ifenso tinakulira mafilimu a ku China. Tinkathawa kutsuka mbale n'kukapanikizana pa benchi m'vidiyo shoo ya kuseri kwa msika, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha lili thoo. Kumeneko tinaonera Drunken Master ya 1978, momwe Jackie Chan ndi mnyamata wosamva. Bambo ake atatopa naye anamupereka kwa nkhalamba ina yokonda bibida kuti imuwongole. Nkhalambayo inkamupachika chadodolido, iye n'kumatunga madzi ndi tikapu mpaka misozi. Ife tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo pamapeto mnyamata uja anasanduka katswiri. Phunziro tinalitenga: kuongola mtengo m'poyamba. Tikafika kunyumba mochedwa, lamba ankatidikira pakhomo, ndipo sitinkaona chachilendo.

Lero zasintha. Mayi mnzathu wina wa ku Zingwangwa, wogulitsa mandasi, anaitanidwa ndi mwana wake wa Fomu 2. "Amayi, tabwerani muone, awa ndi inu ndendende." Pa foni panali katuni ya 2022 yotchedwa Turning Red. Muli mtsikana wa zaka 13, Mei, wa banja lochokera ku China lokhala ku Toronto. Amakhoza m'kalasi, akaweruka amathamangira kukathandiza makolo, sayankha mwano. Koma mayi ake, Ming, amamulondalonda mpaka kukabisala kuseri kwa mtengo pa sukulu kuti amusuzumire. Mtsikanayo akakwiya kapena akachita manyazi amasanduka chinyama chofiira chachikulu. Mnzathuyo anaonera pang'ono, mafuta akutentha pa mbaula, n'kufunsa kuti, "Ndiye walakwa chiyani mayi ameneyu?" Mwana anangoseka n'kulowa m'nyumba.

Funso lake ndi lathunso. Talakwa chiyani? Amene amapanga mafilimuwa sadziwa Ndirande. Sadziwa kuti pakati pa geti la sukulu ndi khomo lathu pali shabini, pali anyamata a chamba m'mbali mwa Nasolo, pali malo obetchera mpira, pali bambo wa galimoto amene amaimitsa tiatsikana tovala yunifolomu. Fizi timaipeza ndi kabaza, ndi kaunjika, ndi maganyu a ku Limbe. Mwana akalakwa MSCE tilibe munda woti akalime kapena shopu yoti akakhalemo. Tikamafunsa mapointi sikuti tikufuna kunyadira kwa aneba ayi, ndi mantha. Tikamati pofika sikisi koloko akhale ali pakhomo, n'chifukwa taikapo ana a anzathu m'manda.

Ndipo masiku ano ungoti wakweza mawu, mwana akukuuza za ufulu. Akudziwa kuti pali lamulo loteteza ana la 2010, akudziwa kuti kuyambira 2017 malamulo amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, nambala ya foni ya 116 yothandizira ana anailoweza kuposa matebulo. Lamuloli ndi labwino, alipo ana amene amazunzidwa zoona ndipo ayenera kutetezedwa. Koma atatilanda lamba, anatipatsa chiyani m'manjamu? Ku chilangizo cha ukwati anatiphunzitsa kusamala mwamuna ndi kulemekeza apongozi. Za kucheza ndi mwana wa zaka 15 amene watseka chitseko palibe anatiuzapo.

Komabe, poti tili tokhatokha, tivomerezane chinthu chimodzi. Mnzathu uja usiku anabwereka foni n'kumaliza filimuyo yekha. Chakumapeto mayi uja, Ming, akuoneka ali mtsikana, akulira yekha m'nsungwi chifukwa anayesetsa moyo wake wonse koma mayi akenso sankakhutira naye. Mnzathuyo akuti tulo sanatione. Anakumbukira tsiku limene anatha msinkhu, mmene anathawira kwa azakhali chifukwa amayi ake ankawaopa ngati mkango. Ambirife ndi momwemo. Bambo akatsokomola pa msewu, nyumba yonse inkati zii, wailesi kuzimitsa. Tinkati ndi ulemu. Ena mwa ife bambo athu anamwalira tisanakhalepo nawo pansi n'kucheza nkhani yopitirira mawu asanu.

Ndiye taonani zimene zikutichitikira. Mwana amagwada, amalandira chinthu ndi manja awiri, aneba n'kumatiyamikira kuti tinalera bwino. Koma nkhani ya chibwenzi chake timaimvera pa chigayo. Kuti analakwa mayeso a teremu timadziwa patapita miyezi, lipoti litapezeka pansi pa matiresi. Kuti akuvutika mumtima amauza anzake pa WhatsApp, ife akutiyankha kuti "ndili bwino, amayi." Tinkafuna mwana womvera, tapeza mwana wodziwa kubisa.

Ngakhale filimu yathu yomwe, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ili ndi bambo wokaniza mwana njinga. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu ankaifuna kuti apangire makina a mphepo, bambo ake n'kumukalipira kuti agwire khasu. Ndani wa ife akanapereka njinga imodzi yokhayo pakati pa njala? Koma bamboyo pamapeto anaipereka, ndipo madzi anatuluka.

Ife sitisiya kufunsa kuti uli kuti, uli ndi ndani, ubwera nthawi yanji. Blantyre sanasinthe moti tingagone mtima uli m'malo. Chomwe tikupempha kwa ana athu n'chakuti akamationetsa mayi wa mu filimu uja, asamangoseka n'kulowa m'nyumba. Akhale pansi pa mkeka, atiuze pamene pakuwawa. Mwina tikalipa kaye, poti ndi mmene tinaleredwera, koma apirire nafe pang'ono. Nafenso sitinaphunzirepo zimenezi.