Ziboliboli za ku Golomoti Zisamadikire Alendo Okha

Amalume anga amasema tigalimoto ndi tinjinga ta mitengo, ndipo amagulitsira m'mbali mwa msewu wotsetsereka kuchoka ku Masasa kupita ku Golomoti. Galimoto ikamachepetsa liwiro, iwo amayamba asuzumira nkhope za okweramo. Akaona kuti ndi Amalawi, amakhalanso pansi n'kutola sompho wawo. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Mphwanga, Mmalawi mnzako amafunsa mtengo, n'kuseka, n'kumapita."

Mawu amenewa amandiwawa chifukwa ndi oona, ndipo ine ndemwe ndachitapo zimenezi.

Luso losema m'dera lathuli lili ndi mizu yake. Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua m'chaka cha 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni pomwe anthu a m'midzi yozungulira akhala akuphunzira kusema ndi kujambula. Pomwepo pali nyumba ya Chamare yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, momwe muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Ntchito za osema a ku Mua zinafika mpaka m'tchalitchi china ku Munich, m'dziko la Germany. Bungwe la UNESCO nalonso linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Akunja anazindikira kale kuti kuno kuli chuma.

Nanga ife eni ake? Lowani m'nyumba ya mphunzitsi kapena kalaliki ku Mtakataka. Pakhoma mupeza maluwa apulasitiki ndi wotchi yochokera ku China. Mwana akusewera ndi kagalimoto kogula m'sitolo komwe sikatha sabata kasanaguluke tayala, chonsecho ka amalume kamatha zaka, chiwongolero chake chikutembenuka bwinobwino. Ukwati ukachitika, mphatso ndi mabeseni ndi makapu okhaokha.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tinaziona mu 2020 pomwe ndege zinaleka kutera chifukwa cha mliri wa Covid-19. Msewu wa ku Golomoti unangoti zii. Amalume anakhala miyezi osagulitsa kanthu, ziboliboli zili mbuu ndi fumbi. Anzawo ena anayamba kuotcha makala, kutanthauza kuti mitengo yomwe ikanasemedwa n'kulipirira mwana sukulu inathera pa mbaula. Bizinesi yodalira munthu wobwera pa ndege ndi yosapanganika.

Ena anena kuti Mmalawi alibe ndalama zogulira zokongoletsera pomwe ufa ukuvuta. Sindikutsutsa, njala ndimaidziwa. Koma sindikunena za mlimi wa ku Golomoti yemwe mbewu zake zakokoloka ndi madzi. Ndikunena za ife ophunzira, aphunzitsi athu, maofesi a boma, mabanki ndi mipingo, omwe chaka ndi chaka amagula zikho, mitanda ndi mphatso zotsazikirana zochokera kunja. Ndalama zimenezi zilipo kale, zikungolowera kwina. Enanso amaopa kuti chosema chilichonse ndi cha nyau kapena chili ndi mizimu. Kodi mpando, mtondo ndi bawo sizosemanso?

Osema nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo ndinawauza amalume ngakhale sanakondwe. Mtengo woyamba omwe amatchula ndi woyenera munthu wa madola, ndiye Mmalawi amathawa asanayambe n'komwe kunenerera. Amasemanso zomwe akuganiza kuti mlendo afuna, njovu ndi mvuu zofanana kuyambira pamwamba pa phiri mpaka pansi, m'malo mwa zipande, timipando ndi mafelemu a zithunzi zomwe banja la kuno lingagwiritse ntchito. Ambiri salemba dzina pa ntchito yawo, choncho wogula akafuna china sadziwa kokamupeza mmisiri wake. Komanso phingo ndi mlombwa zikusowa, koma wodzala ndi mmodzimmodzi.

Patchuthi chathachi ndinagula kanjinga kamodzi kwa amalume, pa mtengo wake weniweni. Anakana kulandira ndalamazo kawiri konse, poganiza kuti ndikuwaseka. Kali pa tebulo langa ku hositelo, ndipo anzanga atatu afunsa kale komwe ndinakagula.