KAMPANI IKASINTHA PANGANO, MLIMI ALI NDI UFULU WOCOKA

Lamya ya m'manja yasanduka khasu laciwiri la mlimi. Ku Zemba m'boma la Chadiza, monganso m'midzi ina ya m'cigawo ca Kum'mawa, mtengo wa nshawa ndi soya umafunsidwa pa lamya, ndalama zocokera kwa ana a ku Lusaka ndi ku Migodi zimafika pa lamya, ndipo uthenga wa fataleza nawonso umadzera momwemo. Cifukwa cace dandaulo limene limamveka pamisika ndi pazigayo siliyenera kunyozedwa. Anthu akuti: dzulo tinagula mphindi zakutizakuti, lero ndalama yomweyo yatipatsa zocepa; bando imene inali kukhala sabata lathunthu tsopano ikutha msanga; ndipo palibe amene anatiuza.

Funso ndi ili: kodi kampani ikasintha zimene munagwirizana, inu muyenera kungokhala cete? Yankho lathu ndi lakuti iai. Muli ndi ufulu wodandaula, ndiponso muli ndi ufulu wocoka. Koma kucoka kuli ndi mwambo wake, ndipo wocoka mwaukali kawirikawiri amadzipweteka yekha.

Ambiri amaganiza kuti popeza sanasaine pepala lalitali, palibe pangano pakati pa iwo ndi kampani. Maganizo amenewa ndi olakwa. Tsiku limene munapereka citupa canu ca NRC, cimene ambiri amati reji, nimulandira khadi la SIM, munalowa m'pangano. Nthawi iliyonse mukagula tokotaimu kapena bando, kampani imalonjeza kukupatsani cinthu codziwika pa mtengo wodziwika. Wogulitsa mcere akalandira ndalama ya mbale yodzaza sangathire theka nanena kuti malamulo asintha. Kampani ili ndi mphamvu yosintha mitengo ya mawa, pakuti nayonso imagula mafuta ndi kulipira anchito, koma iyenera kulengeza poyera, ndipo cimene munalipira kale ciyenera kuperekedwa monga momwe cinalonjezedwera.

Akuluakulu akukumbukira masiku a PTC, pamene lamya ndi makalata zinali m'manja mwa bungwe limodzi, ndipo munthu wa kumudzi anali kuyenda ulendo wa tsiku lonse kukaimba lamya ku positi. M'caka ca 1994 bungwelo linagawidwa, ndipo panabadwa Zamtel ndi Zampost. Pambuyo pake anadza makampani ena. Telecel inagulidwa ndi MTN mu 2005, ndipo Celtel inasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Phindu lalikulu la kusintha kumeneku ndi lakuti wogula ali ndi posankha. Kampani imene idziwa kuti anthu angaisiye imaganiza kawiri isanacepetse mphindi. Koma ngati anthu angong'ung'udza pansi pa mtengo osacitapo kanthu, mpikisano umene Boma linatsegula ukhala wopanda nchito.

Malamulo a dziko ali kumbali ya wogula. Lamulo la 2009 loyang'anira za mauthenga linakhazikitsa bungwe la ZICTA, limene limapereka ziphaso kwa makampani a lamya ndi kumva madandaulo a anthu. Lamulo la 2010 la mpikisano ndi citetezo ca ogula, limene limayendetsedwa ndi bungwe la CCPC, limanena kuti mfundo ya m'pangano yopondereza wogula mopanda cilungamo ilibe mphamvu pa iye. Za ndalama zosungidwa ndi kutumizidwa pa lamya zimayang'aniridwa ndi Bank of Zambia. Njira yake ndi iyi: yambani mwadandaula ku kampani yeniyeniyo, pemphani nambala ya dandaulo lanu, ilembeni pamodzi ndi tsiku, ndipo musafafanize mauthenga amene kampani inakutumizirani. Ngati yankho silibwera kapena silikukhutiritsani, pitani nalo ku ZICTA. Safunsa anadya phula.

Komabe tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri, kuti mkwiyo usagwere pa munthu wosalakwa. Kuyambira pa 1 January 2024 Boma linaika msonkho pa ndalama zotumizidwa pa lamya kucokera kwa munthu kupita kwa mnzake. Msonkho umenewu ndi wa dziko, ndipo ulipo pa makampani onse. Wosamuka cifukwa ca msonkhowo akaupeza komwe akupita. Ndiponso mnyamata kapena mtsikana wa m'kabuthi pamsika sindiye amaika mitengo. Kum'kalipira iye ndi kumenya galu cifukwa ca mbuzi imene yadyedwa ndi fisi.

Tsono ngati mwaona kuti kampani yakulakwiranidi ndipo mwatsimikiza mtima kucoka, musathyole khadi ndi kulitaya m'cimbudzi monga ena amacitira. Khadilo linalembedwa m'dzina lanu. Nambala ikakhala miyezi ingapo osagwira nchito, kampani imaitseka ndipo ingathe kuipereka kwa munthu wina. Pamenepo mwana wanu, posadziwa, angatumize ndalama ya sukulu kapena ya maliro kwa mlendo.

Coyamba, tapani ndalama zonse zimene zili mu akaunti ya pa lamya, ndipo gwiritsani nchito mphindi zotsala. Caciwiri, bwezani ngongole iliyonse, kaya ya tokotaimu kaya ya ndalama, pakuti ngongole sifa ndi kutaya khadi, ndipo dzina loipa lingakutsekereni makomo a ngongole zina. Cacitatu, amene munatenga foni kapena magetsi a dzuwa olipira pang'onopang'ono, dziwani kuti limenelo ndi pangano lina loima palokha. Funsani ndalama yotsala ndi njira yolipirira ndi nambala yatsopano, cifukwa mukaleka kulipira cipangizoco cimatsekedwa. Cacinayi, ndipo ici ndico cacikulu kwa alimi, pitani kwa alangizi a zaulimi ndi kwa mlembi wa koparetivu mukalembetse nambala yatsopano nyengo ya FISP isanafike. Olandira thandizo la ndalama la Boma la okalamba ndi osowa akauze a ofesi yoona za umoyo wa anthu ku Chadiza. Amene muli ndi buku ku banki muuzenso banki. Nkhani yocititsa cisoni ndi ya mlimi amene walipira gawo lake la fataleza koma uthenga wake wapita ku nambala imene anataya. Potsiriza, pemphani kampani kuti icotse dzina lanu pa nambala yakaleyo.

Musanasamuke, yesani kaye. Bwerekani foni ya mnansi amene ali ku kampani inayo, muone ngati imagwira m'nyumba mwanu, kudimba ndi kumunda, osati pacitunda pokha. Funsani ngati pamsika wanu pali wotapitsa ndalama wa kampaniyo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: mtengo wotsika wa mwezi woyamba suthandiza ngati kuimba kufuna kukwera culu.

Apa ndipo pali vuto limene anthu a m'matauni saliona. M'midzi yambiri ya kumalire netiweki imene imagwira bwino ndi imodzi yokha. Ufulu wocoka uli pa pepala, koma kopita kulibe. Boma linayamba mu 2017 nchito yomanga nsanja za lamya 1,009 m'dziko lonse, makamaka kumidzi, ndipo nchito yotere iyenera kupitirira kufikira mudzi uliwonse ukhale ndi makampani awiri kapena atatu osankhapo. Makomiti a citukuko a m'mawadi, makhansala ndi mafumu asatope kupereka pempho limeneli.

Vuto laciwiri ndi nambala. Kuno kwathu nambala imadziwitsa kampani: 097 ndi ya Airtel, 096 ya MTN, 095 ya Zamtel. Wosiya kampani amasiyanso nambala imene abale, ogula mbewu ndi alangizi akhala akuidziwa kwa zaka zambiri, ndipo mantha amenewa ndiwo amamanga anthu ambiri. Maiko ena anamasula cingwe cimeneci. Ku South Africa kuyambira 2006, ku Kenya ndi ku Ghana kuyambira 2011, munthu amasamuka ndi nambala yake. Tikhulupirira kuti mlimi wa ku Zemba ayenera ufulu womwewo.

Kwa makampani tinena mau awa mwaulemu. Uthenga wa Cizungu wotumizidwa usiku, kapena cidziwitso coikidwa pa intaneti, sikulengeza kwa mayi amene amawerenga Cinyanja cokha. Wailesi ya ZNBC imaulutsa m'Cinyanja, ndipo ku Chipata kuli Breeze FM ndi Radio Maria. Lengezani kumeneko masiku akalipo, m'cilankhulo ca anthu, ndi manambala omveka: kale zinali zakuti, tsopano zikhala zakuti, kuyambira tsiku lakuti. Wamalonda woona mtima saopa kuchula mtengo wake pagulu.

Ndipo kwa inu owerenga, mutu umodzi susenza denga. Dandaulo la munthu mmodzi lingasowe m'njira, koma kalata ya koparetivu kapena ya kalabu ya amayi, yokhala ndi maina, masiku ndi ndalama zimene zinatayika, imawerengedwa. Aphunzitsi ndi ana a sukulu athandize makolo kuwerenga mauthenga a kampani asanayankhe kuti inde. Ngwee iliyonse yolowa m'lamya inacokera m'thukuta la kumunda, ndipo mwini thukuta ali ndi ufulu wofunsa kumene yapita.